Pepala la pa 3 Malichi

Elisha, kalaliki wa za malo pa boma la Chikwawa, adaliwerenga pepala lija kawiri, kenaka adalisiya patebulo msangamsanga ngati lamuotcha zala. Adadzuka, nasuzumira pakhonde, natseka chitseko. Kutseka chitseko mwezi wa Okutobala kuchigwa kuno, dzuwa lili paliwombo! Clotilda adadziwiratu kuti pali chimene chalakwika.

"Pepala limeneli waliona ndaninso?" adafunsa kalalikiyo motsitsa mawu.

"Palibe, bwana," adayankha Geresomo, mlongo wake wa Clotilda, chipewa chili pabondo. "Adandipatsa lomatira mu envulopu. Adati ndisamalitsegule, lingade."

Geresomo anali munthu wa ng'ombe. Msinkhu wa nkhunzi ankaudziwa pongoiyasamitsa, koma zilembo adatsanzikana nazo ali Sitandade 1. Chaka chimenecho, 1978, Amwenye atauzidwa kuti achoke kumidzi akachitire malonda m'tauni, sitolo ya Kassamu pa msika wa Nyakamba idatsala yotseka, ndipo kuseri kwake kunali bwalo lalikulu. Geresomo adaliyang'ana bwalolo naona zipinda khumi ndi ziwiri za lendi, zodzaza ndi anthu odula nzimbe ku esiteti. Basi, tulo tidamuthera pomwepo. Adagulitsa khola lonse, kuphatikizapo ng'ombe za malowolo a Clotilda, nagula malowo. Njerwa adaumba, adaotcha. Za malata ndi simenti adakapempha ku banki ku Blantyre, ndipo a banki adamuuza mwaulemu kuti ngongole imafuna chikole, chikole chake ndi lizi ya boma yolembedwa m'dzina lake. N'chifukwa chake adalawirira ku boma tsikulo, atatenga mlongo wakeyu, mayi wamasiye wophunzira ku mishoni, kuti azikamumasulira Chingerezi.

"Mayi, inu mumawerenga?" adatero Elisha. "Werengani mzere wapansiwo. Chamumtima, chonde."

Clotilda adakokera pepalalo pafupi. Pamwamba zonse zinali bwinobwino, zotayipa: wogulitsa Kassamu, wogula Geresomo, poloti nambala 14. Atafika pansi, maso ake adaima pomwepo. Tsiku lake lidalembedwa ndi inki, pamanja: 3 Malichi, 1978.

Pa 3 Malichi! Tsiku lokumbukira ofera dziko, tsiku limene khasu silikhudza nthaka, mtondo sulira, ngakhale kuseka umayamba wacheuka kaye. Munthu wopezeka akugulitsa ngakhale mulu wa tomato patsikulo ankamukweza Landirova, ndipo abale ake ankaopa n'kufunsa komwe kumene wapita. Tsono pepala ili linkanena poyera kuti Geresomo adachita malonda a nyumba tsiku limenelo, chala chake chadindidwa pansi, chakuda bii.

"Chalembedwa chiyani, achemwali?"

Clotilda adamunong'oneza. Chipewa chija chidagwa pansi.

"Bodza! Ine ndidadinda chala mu Juni, thonje tikutola! Tsiku adalisiya dala. Adati lidzalembedwa ku boma kuno, kuti ligwirizane ndi chidindo."

"Tsitsani mawu, bambo, makoma ano ndi opyapyala," adatero Elisha. Adatsegula kabati, natulutsa failo yofiira ndi fumbi. "Malo sagula ngati mbuzi, pongoigwira m'nthiti. Mumayamba mwabwera kuno. Timatsegula failo, tione lizi ili m'dzina la yani, yatsala ndi zaka zingati, msonkho wa nthaka ankapereka kapena ayi, pali banki imene idagwira kale malowo ngati chikole kapena palibe. Kenaka mumakafufuza zikhomo za simenti zimene asaveya adakhoma m'ngodya. Ndalama zimatuluka pomaliza. Koma anthu inu mumabwera madzi atafika kale m'khosi."

Adatembenuza failoyo kuti Clotilda aone yekha. Lizi ya Kassamu idatha mu Disembala chaka chathacho, malo adabwerera m'manja mwa boma. Kassamu mwiniwakeyo adachoka mu Febuluwale, ndipo mbiri inali yoti adawoloka nyanja. Munthu amene palibe sakadasaina, ndipo akadakhalapo analibe choti n'kugulitsa. Pamwamba pa failoyo panali fomu yatsopano yopempha poloti 14, m'dzina la mayi wina, Priska Nyathando.

"Adakugulitsani ndani?" adafunsa Elisha.

"A Howard, mlembi wa nthambi ya Chipani kwathu. Adati Kassamu adawasiyira mphamvu."

"Dzina lawo lili pati apa?"

Clotilda adaliyendanso pepala lonse ndi chala. Panalibe.

"Ine sindinaone kanthu, inunso simunabwere kuno," adatero Elisha, akubweza failo m'kabati. "Ndili ndi ana asanu. Mukapita nalo ku polisi, woyamba kulowa m'chitokosi ndi mwini chala chimenechi. Ku banki musayerekeze n'komwe."

"Ndiye tingokhala chete, khola lonse lija?"

"Anzanu adakhala chete."

"Anzathu ati?"

Elisha adaluma mlomo, atazindikira kuti walankhulitsa. Adagwira chitseko, koma asanatsegule adanong'ona: "Ndinu achitatu, mayi. Poloti yomweyi, tsiku lomweli. Mayina sindinena. Wina adandisiyira fungo la utsi wa nsomba muofesi muno sabata yathunthu. Winayo adabwera tepi ili m'khosi."

*

Adakhala pansi pa mtengo wa nimu kudikira basi ya ku Nsanje. Geresomo ankangothyola timitengo. Clotilda anali ndi mkwiyo woti akadatha kumumenya ndi ambulera, komanso chisoni, chifukwa munthuyu ndiye adamulandira ndi ana ake awiri mwamuna wake atamwalira.

"Njira ilipo, achimwene," adatero. "Pa 3 Malichi aliyense amakhala ku tchalitchi. Akatekisiti adakuonani, mpingo wonse udakuonani. Tikapeza anthu asanu oti alumbire kuti mudali m'tchalitchi, pepalali ndi lonama."

Geresomo adangothyola kamtengo kena.

"Achimwene, mudali ku tchalitchi?"

"Inu mudali ku Makhuwira, kumaliro kwa alamu. Simukudziwa."

"Ndiuzeni tsono."

"Shire adadzaza usiku wa pa 2. Kutacha, madzi adali atazungulira khola la kudambo, ana a ng'ombe akulira, madzi m'mimba. Ndikadatani? Ndizisiye zimire ine ndikuimba nyimbo? Ndidavula malaya, ndidazikusa tsiku lonse mpaka kumtunda. Ayufi awiri adandiona."

"Mayo ine! Ndiye simunamangidwe bwanji?"

"A Howard. Lipoti lidafika patebulo pawo, iwo adaliika m'thumba. Adandiitana, adati, 'Geresomo, ng'ombe sizidziwa kalendala. Pita, usadzachitenso.' Munthu wotero ungamukayikire? Atabwera ndi nkhani ya sitolo ndidati Mulungu wanditumiziranso yemwe uja."

Clotilda adatseka maso. Chitseko chimene ankachidalira chidatsekeka asanachigwire n'komwe. Mlongo wake akafunsidwa kumene adali patsikulo, chilungamo chomwecho chikadamumangitsa.

"Awiri enawo ndiwapeza," adatero.

"Kuti atani? Kuti tilire atatu?"

Basi idatulukira, fumbi lili koboo.

*

Wa utsi wa nsomba sadavute. Pa doko la kudambo aliyense ankadziwa kuti a Anastazia, amene kale anali ndi mabwato awiri ndi antchito, masiku ano akuwambira anthu ena milamba kuti apeze ya mchere. Clotilda adawapeza atagwada pa ng'anjo, maso ofiira psuu.

"Pepala? Ine nkhabe kudziwa pepala, mwananga. Ine ndidziwa nsomba. Ukufuna ya zingati?"

"Poloti 14, mayi. Sitolo ya Kassamu."

A Anastazia adaponya chikuni pamoto, nathamangitsa ndi maso mayi wina amene ankayandikira. "Wakutuma mbani?"

"Palibe. Achimwene anga adagula malo omwewo."

"Ha! Nayenso? Ndiye tachuluka m'mono umenewu." Adaseka, koma kuseka kopanda mano kuoneka. "Khala pansi, usaime ngati wa msonkho. Ine ndidagulitsa mabwato onse awiri. Zitaperewera ndidakatenga katapila kwa munthu wa ku Bangula, mpaka lero akundidya ngati nsabwe. Ndinkati ndakalamba, utsi wandithera maso, ndikhale pa khonde la sitolo ndizilandira za lendi. Ona lendi yake ndi iyi."

"Mudadinda liti chala?"

"Epulo. Madzi atayamba kuphwa."

"Tsiku lidalembedwa?"

"Nkhabe. Adati boma ndilo limalemba tsiku."

"Nanga pa 3 Malichi mudali kuti?"

Mayiwo adamuyang'ana nthawi yaitali, utsi ukudutsa pakati pawo. "Iwe ndiwe wapolisi kapena mfiti? Milamba idakodwa dzulo lake, madengu atatu. Nsomba siyembekeza tsiku la boma, imaola. Ndidakoleza moto kuseri kwa bango. Utsi, mwananga, subisika. Ayufi adabwera."

"Ndipo a Howard adaika lipoti m'thumba."

"Wadziwa bwanji?"

"Ndibwerekeni pepala lanulo. Limodzi lokha limamanga mwini wake. Koma atatu pamodzi, poloti imodzi, tsiku limodzi, wogulitsa woti adachoka kale m'dziko, ngakhale wapolisi wogona aona kuti pali wakuba."

A Anastazia adalowa m'chisakasa chawo, natuluka ndi botolo lotseka ndi chitsononkho. Pepalalo lidakulungidwa m'katimo kuopa madzi osefukira. Adaligwira botololo ndi manja awiri, osafuna kulisiya.

"Mabwato anga awiri ali m'menemu. Ndilibe china chosonyeza kuti ndidakhalapo munthu. Ukalitaya, usadzadutsenso pa doko lino."

"Ndidzabweza ndi manja angawa, Lachinayi."

"Usabwere kuno, maso achuluka. Ndidzabwera ndekha kwanu."

*

Matelala pa Nyakamba analipo anayi, koma mmodzi yekha ndiye adasiya mwadzidzidzi kukamba zosamukira m'sitolo yakeyake. Antonio adachokera ku Mutarara, kutsidya kwa malire, nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi, ndipo ankasokera pa khonde la wogulitsa njinga. Clotilda adatenga diresi lakale ngati wofuna kulichepetsa. Atangotchula nambala 14, Antonio adapalasa makina mwamphamvu, ngakhale pansi pa singano panali kansanza chabe.

"Lankhulani makina akulira, dona," adatero, mapini ali pakamwa. "Akaima, inunso imani."

"Mudalipira bwanji?"

"Chipereganyu. Matelala anayi timasonkherana mwezi ndi mwezi, ulendo wanga udafika. Ndolo za mkazi wanga. Makina anowa ndi chikole kwa mwini khonde. Ndikusoka pa makina a eni ake tsopano, dona, ngakhale ndidawanyamula pamutu kuchokera kwathu."

"Bwanji simudadandaule?"

"Kwa yani? Inu akakumangani muli kwanu, abale akubweretserani phala. Ine akanditaya pa malire, uko kulinso mfuti. Ndili ndi khadi la Chipani, msonkho ndimadula, mutu ndimaweramitsa. Mlendo sakweza mawu."

Munthu wina adadutsa akukankha njinga. Makina adaima, onse awiri adayang'ana diresi lija ngati lili ndi nkhani yaikulu. Atapita, makina adayambanso.

"Pa 3 Malichi mudagwira ntchito, eti?"

"Ndidatseka zitseko, ndidaika bulangete pa zenera. Koma makina ali ndi pakamwa. Diresi laukwati, dona, ukwati wake pa 4. Nsalu adandipatsa pa 2 madzulo. Ndidakana, iwo adati, 'Soka, Antonio, ine ndilipo, palibe angakukhudze.'"

"Iwo ndani?"

"A Howard. Diresi la mkazi wawo wachiwiri."

Clotilda adawerama pafupi ndi makina. "Dzina lake?"

"Timangoti mayi aang'ono. Koma m'buku langa la miyeso ndimalemba dzina la kwa bambo." Adatsegula kabuku kothimbirira ndi dzanja limodzi, phazi likupalasabe. "Apa. Chiuno 28. Priska Nyathando."

Ndiye ameneyo! Munthu wokukumbira mbuna, n'kukutulutsamo yekha kuti umuthokoze, kenaka n'kukubwezeramo utanyamula chuma chako chonse. Clotilda adafotokozera Antonio za mapepala atatu, ndipo telalayo adasiya kupalasa osadziwa. Adasolola ulusi wa m'mphepete mwa khushoni imene ankakhalira, natulutsa envulopu, naiika m'kati mwa diresi lija, napinda bwinobwino.

"Diresi lanu latha, dona. Musandiuze kumene mukupita nalo."

*

Nzeru yabwino ikadakhala yongokwera basi mawa lake osauza munthu. Koma Clotilda anali ndi vuto limodzi kuyambira ali mtsikana: akadziwa chinthu, ankafuna mwini wake adziwe kuti wadziwa. Komanso ankaganiza kuti wakuba akaona kuti wagwidwa angabweze mwakachetechete, popanda wina kulawa chitokosi. Lachitatu masana adabisa mapepala aja kunyumba, napita ku ofesi ya nthambi.

A Howard anali munthu woyera m'maso, wa sharti yositidwa, baji ili pachifuwa. Kale adagwirapo ukalaliki ku khoti la mfumu, ndipo makina otayipira adachoka nawo kumeneko. Adamulandira ndi manja awiri.

"Amayi athu a ku mishoni! Khadi la chaka chino muli nalo, eti? Ndikudziwa muli nalo, ndangofunsa mwa mwambo. Khalani. Achimwene ali bwanji? Njerwa zija ndaziona, zapsa bwino."

"Adakafika ku boma Lolemba."

"Oo."

"Ine ndaonana ndi a Anastazia. Ndaonananso ndi Antonio."

A Howard adachotsa magalasi, nawapukuta ndi mpango pang'onopang'ono. "Anthu abwino onsewo. Ali ndi vuto?"

"Mapepala awo ali ndi ine. Atatu, poloti imodzi, tsiku limodzi."

"Tsiku lanji?"

"Mukulidziwa."

"Ine ayi. Tatchulani, mayi, ndimve. Mukuti anthu atatu a m'nthambi yanga adachita malonda tsiku lanji?" Adamwetulira. "Mwaona? Ngakhale inu lilime likukana. Tsono dzina langa lili pa mapepalawo?"

"Palibe. Koma la Priska Nyathando lili pa fomu ku boma. Ndipo malipoti atatu a ayufi adathera m'thumba mwanu. Achimwene akawatenga, akawafunsa chifukwa chimene sadamangidwe mu Malichi. Akafunsanso a Anastazia, akafunsa Antonio, ndi mwini diresi limene linkasokedwa tsikulo. Kumene atengeredwe iwoko, mpando wanu ukakhala uli pomwepo."

Kumwetulira kuja kudazima. Kunja mbuzi inkadzikanda pa khoma la ofesi. Clotilda adaona thukuta likutuluka pamphuno pa munthuyo, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo adapuma mpweya wokwanira.

"Mumaganiza, mayi. Mukadakhala mwamuna, bwenzi tikukupatsani udindo," adatero a Howard potsiriza, mawu atafewa. "Tiyeni tikambe ngati akuluakulu. Ndalama zidapita, ukwati umadya. Koma poloti ilipo, ndipo ndi imodzi. Atatu sangakwanemo. Priska akhoza kulemba kalata mawa lomwe kuti wasiya, dzina la achimwene anu lilowe pa fomu. Ine ndisainira ngati mlembi, bwanamkubwa savuta. Lizi ikatuluka, banki ipereka malata. Pofika Khirisimasi muzilandira lendi."

"Mtengo wake?"

"Mapepala aja. Onse. Ali ndi zolakwika, ndiwakonze."

"A Anastazia ndi Antonio?"

"Ndi abale anu? Wina ndi wa nsomba, wina mawa adzabwerera kwawo. Inu muli ndi ana awiri amasiye akudya kwa malume awo." Adavalanso magalasi. "Kapena kwerani basi, mukaonetse ku Blantyre. Mwina adzakumverani. Koma poyamba adzasunga eni zala zija kuti afufuze bwino, ndipo kufufuza kwa masiku ano mukukudziwa. Ena adapita kukafunsidwa mafunso awiri okha, chaka chino ndi chachinayi. Landirova ya ku boma imadutsa pano Lachisanu. Ine sindikonda kuiimitsa."

Clotilda adadzuka osatsanzika.

*

Adampeza Geresomo atakhala pa mulu wa njerwa zake kuseri kwa nyumba, akuthamangitsa nkhuku zimene sizinkamulakwira kanthu. Masiku atatu amenewa munthu adatha ngati wodwala chifuwa chachikulu. Clotilda adamuuza zonse, za diresi, za Priska, za mawu a a Howard. Apo ndiye adalakwitsa, koma ukadakhala iwe ukadabisira mlongo wako?

"Adati dzina langa lilowe pa fomu?" adafunsa Geresomo.

"Achimwene, mwamva zimenezo zokha?"

"Ndikungofunsa."

"Mawa m'mawa ndikupita kwa abambo mfumu ku parishi. Iwo amadziwana ndi loya ku Blantyre. Tikapite tonse, inu, a Anastazia, Antonio, mapepala atatu patebulo limodzi. Ndi njira yokhayo."

"Nanga akayamba n'kutsekera ine?"

Clotilda adafuna kunena kuti sangatero, koma bodzalo lidakana kutuluka.

"Mwaona," adatero Geresomo. "Inu mudzabwerera pa basi. Ine ndidzatsala. Ana anuwa adzadya njerwa?" Adatola njerwa imodzi, naitembenuza m'manja. "Atate adasiya ng'ombe. Ine ndidzasiya chiyani? Anthu akundiseka kale pa dibi, akuti Geresomo adasinthanitsa khola ndi envulopu."

"Mayi uja adandipatsa pepala lake ndi manja awiri. Antonio adang'amba khushoni. Mukufuna ndikawagulitse?"

"Sindinatero."

"Munthu adakunamizani kamodzi. Akakhala ndi mapepala onse, chomuopsa n'chiyani? Lumbirani kuti simupitako."

"Achemwali, ndine mwana ine?"

Sadalumbire, ndipo Clotilda adazimva kuti sadalumbire. N'chifukwa chake adachotsa mapepala aja m'sutikesi, nawaika pansi pa thumba la mbewu ya thonje m'nkhokwe, mlongo wake atapita kukasamba. Kuwatenga pa msewu adaopa, chifukwa ayufi ankaima pa mlatho wa ku parishi n'kumapisa m'madengu pofuna makhadi.

Lachinayi adalawira kusanatenthe. Abambo mfumu adamvetsera, adagwira mutu, adayenda uku ndi uku m'chipinda, kenaka adati abwere nawo anthuwo ndi mapepala awo Loweruka, adzawatenga pa galimoto ya mishoni. Sadalonjeze kuti zitha bwino, adangoti ayesa. Ngakhale zinali choncho, Clotilda adabwerera akuyenda ngati mtsikana, osamva n'kutentha kwa mchenga.

Atafika, njinga ya Geresomo panalibe pakhonde.

Adathamangira ku nkhokwe. Thumba la mbewu lidasunthidwa, ndipo pansi pake panali mphasa yokha. Adapisa m'makona, adakhuthula thumba lonse, mbewu zili mbwee pansi, ngati mapepala atatu angabisale m'kati mwa njere. Kenaka adangokhala pomwepo, miyendo tambalale.

Belu la njinga lidamveka kumsewu, likulira mosalekeza ngati la mkwati. Geresomo adatsika njinga isanaime, nkhope ikuwala, atavala jekete la ku tchalitchi.

"Achemwali, zatheka! Musakwiye, tamverani kaye. Ndakambirana nawo mwachimuna. Alumbira pa Baibulo, ine ndikuona. Lolemba tikupita limodzi ku boma, dzina langa likalowe."

"Mapepala ali kuti?"

"Awiri aja ndawapatsa, inde. Anthu aja tidzawaganizira, lendi ikayamba. Chipinda chimodzi Antonio akhoza kusokeramo ulere."

"Lanu lili kuti?"

"Langa atenga kuti akonze tsiku. Atayipa lina labwino, la mu Juni."

"Akupatsani chiyani chogwira m'manja?"

Geresomo adapisa m'thumba la jekete, mwina mwa chizolowezi chabe, natulutsa dzanja lopanda kanthu. Adaliyang'ana. Clotilda adaona kuwala kuja kukuchoka pankhope pake pang'onopang'ono, kuyambira pakamwa, ndipo adalephera ngakhale kumukalipira. Adamumvera chisoni choopsa, chisoni chimene chidamupweteka kuposa mkwiyo.

"Adati Lolemba," adatero Geresomo, mawu atachepa. "Adagwira Baibulo, achemwali."

"Pamene mumatuluka, m'mbaula mwawo munali moto?"

"Amaphika tiyi."

Nkhuku zidabwera kudzatola mbewu za thonje zija, n'kuzisiya.

"Odi kuno!"

Mawuwo adachokera kumaso kwa nyumba, okhuthala, osasa ndi utsi. A Anastazia adaima pa bwalo atavala chitenje chawo chatsopano, nsapato zili m'manja chifukwa cha ulendo, botolo lopanda kanthu lili m'khwapa. Adabweretsanso milamba iwiri yowamba, yokulunga m'masamba a nthochi.

"Takhuta, mwananga, wandiyendera ngati mwana wobala ndekha," adatero pothokoza, akupereka nsombazo kwa Clotilda. "Usiku wa dzulo ndagona tulo koyamba chichokereni mabwato anga. Tsono ndipatse pepala langa lija, ndilibweze m'botolo."